SUKULU ZA ANA ANG'ONO: ZOYENERA KUTOLA KU MAIKO ENA

Kuyambira m'caka ca 2014, pamene Boma linatsegula makalasi a ana ang'ono pa sukulu zace za pulaimale, mwana wa mlimi wa ku Vubwi ndi mwana wa mai wogulitsa tomato pa msika wa ku Matero anapatsidwa mwai umene kale unali wa ana a mabwana okha. Aphunzitsi 1,000 oyamba a nchitoyi analembedwa mu 2013. Mu Januwale 2022 malipiro anacotsedwa kuyambira m'makalasi a ana ang'onowo kufikira ku sekondale, ndipo mu 2025 silabasi yatsopano inayamba kugwira nchito. Zimenezi ndi zazikulu, ndipo amene azipeputsa sadziwa kumene dziko lino lacokera. Koma kutsegula citseko ndi nchito yopepuka poyerekeza ndi funso limene tsopano lili pamaso pa Unduna wa Maphunziro, makhonsolo ndi makolo: mwana wa zaka 4 akalowa m'kalasimo m'mawa, acita ciani kufikira nthawi yoweruka, ndipo ali m'manja mwa yani?

Maiko ena anayamba kuyankha funso limeneli zaka zambiri zapitazo, ndipo palibe manyazi kuphunzira kwa iwo. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Cobvuta ndi cakuti wopita kukaona za kwa eni kawiri-kawiri abwerako ndi zimene maso aona msanga: nyumba ya magalasi, timipando ta mitundu-mitundu, zoseweretsa zogula ku sitolo, bwalo la kapinga wometedwa bwino. Akafika kuno alemba lipoti lakuti Zambia asowa ndalama, ndipo nkhani ithera pomwepo. Komatu amene awerenga mofatsa zimene maikowo anapeza atawatsata anawo kwa zaka 20 kapena 40, aona kuti phindu linacokera kwa munthu wamkulu wophunzitsidwa bwino, amene anali kulankhula ndi mwana, kusewera naye, ndi kuonetsa amai ace kucita cimodzi-modzi kunyumba. Zinthu zotere sizioneka pa cithunzi, ndi cifukwa cace zitsala komweko.

Ndi bwino kukumbukira kumene nkhaniyi inayambira muno. Lamulo loyamba la nyumba zosungiramo ana masana linakhazikitsidwa mu 1957, m'nthawi ya atsamunda, ndipo linali kuganizira za m'matauni. Bungwe la Zambia Pre-School Association linabadwa mu 1972. Kwa zaka zambiri pambuyo pa ufulu nchitoyi inali m'manja mwa makhonsolo, mipingo ndi anthu amalonda, kufikira mu 2004 pamene inaperekedwa ku Unduna wa Maphunziro. Zotsatira zace aliyense azidziwa. Mwana wa ku Kabulonga anali kufika mu Giredi 1 atagwira kale pensulo ndi buku. Mnzace wa ku Chama anali kuona coko tsiku lomwelo kwa nthawi yoyamba, ndipo onse awiri anali kuyesedwa ndi muyeso umodzi.

Phunziro loyamba licokera ku dziko losauka, cisumbu ca Jamaica. Mu 1986 ndi 1987 akatswiri a pa University of the West Indies, motsogozedwa ndi dokotala Sally Grantham-McGregor, anasankha ana 129 opinimbira, a miyezi 9 kufikira 24, m'makomboni a mzinda wa Kingston. Anawagawa m'magulu anai. Gulu lina linali kulandira mkaka wa ufa wokwana kilogalamu imodzi pa sabata. Lina linali kucezeredwa kunyumba ola limodzi pa sabata. Lacitatu linalandira zonse ziwiri. Lacinai linangolandira cithandizo ca kucipatala monga enawo. Ocezerawo sanali anthu a madigiri iai. Anali othandiza za umoyo m'makomboni, ophunzitsidwa kwa nthawi yocepa cabe. Anali kubwera ndi timabuku ta zithunzi ndi zoseweretsa zopangidwa pamanja ndi mabotolo akale, makatoni ndi tinsalu, nakhala pansi ndi mai ndi mwana wace. Anali kumuonetsa maiyo m'mene angachulire maina a zinthu zimene mwana agwira, m'mene angamuyamikire akakhoza, ndi m'mene angasandutsire kusamba ndi kudya kukhala nthawi yoceza. Coseweretsa cinali kutsala pa nyumbapo kufikira sabata yamawa, pamene anali kubwera ndi cina. Patapita zaka ziwiri nchitoyo inatha.

Cimene cinamveketsa dzina la Kingston pa dziko lonse ndi cakuti akatswiriwo sanawataye anawo. Anawafuna-funa akukula, ngakhale ena amene anasamukira ku America ndi ku Britain. Phindu la mkaka, limene poyamba linaoneka bwino, linazilala ndi zaka. Koma phindu la kucezeredwa linakhalabe. Mu 2014 kunalengezedwa kuti ana ocezeredwa aja, ali ndi zaka 22, anali kupeza ndalama zoposa za anzao a m'gulu losacezeredwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo anali atafikana ndi anzao amene sanapinimbirepo. Ambiri a iwo anapitirira ndi sukulu, ndipo ocepa cabe ndiwo anali a ndeu. Zonsezi zinacokera ku ola limodzi pa sabata, pakhonde la nyumba ya m'komboni, ndi zoseweretsa za mabotolo otayidwa.

Asapezeke wina wonena kuti cotero cakudya cilibe nchito. Ofufuzawo anaganiza kuti mkakawo unali kugawidwa ndi ena a m'banja, monga zicitikira pa nyumba iliyonse ya njala. Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka 5 m'Zambia, 35 anali opinimbira, ndipo mwana wa njala sasewera, sayimba, safunsa mafunso. Cimene Jamaica anaonetsa ndi cakuti phala lokha silikwanira: mwana afunanso mau, ndipo awafuna asanakwane zaka 3, pamene kalasi ya pa sukulu isanamulandire. Pamenepa dziko lino lili kale ndi cida m'manja. Mai aliyense, ngakhale wa kutali ndi mseu, adziwa tsiku la sikelo ndipo asunga kadi ya mwana monga asungira ndalama. Pa tsikulo amai akhala pa mzere maola ambiri, mwana apimidwa, alandira katemera, iwo nabwerera. Mwa maola amenewo, theka la ola lingakwanire kuti wothandiza za umoyo akhale nao pa mphasa ndi kuwaonetsa zimene amai a ku Kingston anaonetsedwa. Pa cimeneci sipafunika njerwa ngakhale imodzi. Pafunika kuti Unduna wa Zaumoyo ndi Unduna wa Maphunziro aleke kugawana mwana mmodzi, uyu thupi, uyu mutu.

Dziko la Cuba linafika pa nzeru yomweyo mokakamizidwa ndi kusowa. Mu 1961 bungwe la amai la dzikolo, lotsogozedwa ndi Vilma Espín, linayamba kutsegula nyumba zolereramo ana a amai a panchito. Zinali zabwino koma zodula, ndipo ana ambiri a kumidzi ndi kumapiri sanazione. Soviet Union itagwa mu 1991, cuma ca Cuba cinagwa nayo, ndipo ndalama zomangira zinatha. Mu 1992 boma la kumeneko linafalitsa m'dziko lonse njira imene inali itayesedwa kumidzi m'zaka za m'ma 1980, yochedwa Educa a tu Hijo, ndiko kuti phunzitsa mwana wako. M'njirayi mphunzitsi weni-weni ndi kholo. Mwana asanakwane zaka ziwiri, dokotala ndi namwino wa m'deralo alangiza banja kunyumba. Akapitirira pamenepo, makolo ndi ana asonkhana kamodzi kapena kawiri pa sabata pa bwalo kapena m'paki, ndipo wowatsogolera aonetsa masewera amene banja likapitiriza kunyumba. M'zaka za m'ma 2010 ana pafupi-fupi 7 mwa 10 alionse osafika zaka 6 m'Cuba anali kuphunzira mwa njira imeneyi.

Koma wokopera asakopere ndi maso otseka. Cuba anamanga njirayi pa zinthu ziwiri zimene anali nazo kale: dokotala wa mabanja m'dera lililonse, ndi makolo amene pafupi-fupi onse anali odziwa kuwerenga kucokera pa nkhondo yothetsa umbuli ya mu 1961. Kumidzi ya kuno kiliniki imodzi itumikira midzi yotalikirana maola ambiri a pansi, ndipo wolera mwana nthawi zambiri ndi agogo amene kabuku ka malangizo sikangawathandize. Cigawo ca Rio Grande do Sul ku Brazil cinatenga nzeru ya Cuba mu 2003, koma cinaisula mwa cikhalidwe cace, ndi oyendera mabanja olembedwa nchito ndi makhonsolo. Umo ndimo atengera mbeu kwa mnansi: aiyesa poyamba pa nthaka ya kwao.

Za Finland, dziko limene lichulidwa pa msonkhano uliwonse wa maphunziro, zofunika kunena ndi ziwiri cabe. Ana kumeneko ayamba Giredi 1 ali ndi zaka 7, atatha caka cimodzi ca kukonzekera cimene mbali yace yaikulu ndi masewera, ndipo palibe amene anena kuti acedwa. Caciwiri, makiliniki ao a amai ndi ana anayamba mu 1922 ndipo anakhala lamulo mu 1944, dzikolo lili losauka ndiponso lili pa nkhondo. Zotsalazo zilipiridwa ndi misonkho imene Zambia alibe.

Phunziro laciwiri ndi cenjezo, ndipo licokera ku America. Mu 1962 m'tauni ya Ypsilanti, m'cigawo ca Michigan, munayamba sukulu ya Perry Preschool. Mwa ana akuda 123 a m'mabanja osauka, 58 analowa sukuluyo ndipo 65 sanalowe. Olowawo anali kuphunzira maola awiri ndi theka m'mawa uliwonse, mphunzitsi mmodzi pa ana 5 kapena 6, ndipo mphunzitsiyo anali kucezera banja lililonse kamodzi pa sabata. Anawo anali kusankha okha cocita, kucicita, ndi kufotokoza pambuyo pace zimene acita. Atalowa pulaimale, kupambana kwao pa mayeso a nzeru kunazilala m'zaka zocepa, ndipo ena anati ndalama zapita pacabe. Koma pofika zaka 40 kusiyana kunaoneka poyera. Olowa sukuluyo anali ambiri pakati pa omaliza sekondale ndi okhala pa nchito, ndipo 36 pa 100 ndiwo anali atamangidwapo kasanu kapena kuposa, pamene mwa anzao anali 55 pa 100. Cimene cinakhalitsa mwa iwo cinali khalidwe: kudekha, kumaliza cimene wayamba, kukhala bwino ndi anzako.

Nkhani ya Perry yagwiritsidwa nchito m'maiko ambiri popempha ndalama, ngati kuti kalasi iliyonse yolembedwa kuti ya ana ang'ono ibala zipatso zomwezo. Cigawo ca Tennessee cinaonetsa kuti sizitero. Kumeneko boma linatsegula makalasi a ana a zaka 4 a m'mabanja osauka, ambiri a iwo pa sukulu za pulaimale. Kumene malo anacepa anacita maere, ndipo akatswiri a pa Vanderbilt University anatsata ana pafupi-fupi 3,000, opeza malo ndi osapeza. Pa kutha kwa caka olowawo anali patsogolo pa zilembo ndi manambala. Patapita caka cimodzi anzao anawapeza. Mu 2022 kunalengezedwa kuti pofika Giredi 6 olowa aja anali pambuyo pa mayeso, ndipo anali kulangidwa kawiri-kawiri kuposa anzao. Mmodzi wa ofufuzawo, Dale Farran, ananena kuti anawo anali kutha nthawi yambiri ali cete kumvera mphunzitsi, kapena ali pa mzere kupita ku cimbudzi ndi kokadya, m'nyumba zomangidwira ana aakulu. Popeza makalasi a Boma m'Zambia nao ali pa sukulu za pulaimale, pansi pa ahedi ophunzitsidwa za Giredi 1 kufikira 7, nkhani ya Tennessee iyenera kuwerengedwa ndi aliyense wa ku Unduna. Ngozi ndi yakuti kalasi ya ana ang'ono ingasanduke Giredi 1 ya timipando tating'ono.

Amene akankhira aphunzitsi ku ngozi imeneyi nthawi zambiri ndi makolo, ndipo ici ciyenera kunenedwa mosabisa. Dziko la Ghana linaika zaka ziwiri za sukulu ya ana ang'ono m'maphunziro aulere a mwana aliyense kuyambira mu 2007. Mu 2015 ndi 2016 kunacitika kafukufuku pa sukulu 240 za m'cigawo ca Accra, za boma ndi za anthu wamba. Aphunzitsi anaphunzitsidwa masiku ocepa za kuphunzitsa mwa masewera ndi kuleka ndodo, ndipo oyang'anira maphunziro anali kuwayendera m'kalasi. Ana anapindula, ndipo aphunzitsi anacepetsa kutopa ndi nchito. Koma pa sukulu zina panaonjezedwa misonkhano yoonetsa makolo makanema ofotokoza njira yatsopanoyo, ndipo pa sukulu zimenezo phindu la ana linasowa. Ofufuzawo anaganiza kuti makolo, atamva kuti ana ao ali kusewera ku sukulu, sanakondwe nazo.

Kholo la ku Accra silisiyana ndi kholo la ku Chawama kapena ku Kapata. Lilipira ndalama zopeza mobvutika ku sukulu ya m'komboni, ndipo lifuna kuona cimene lagula. Mwana wa zaka 3 akabwera ndi kope lodzaza ndi zilembo, naloweza maina a miyezi m'Cingerezi pamaso pa alendo, kholo likhutira. Eni sukulu adziwa zimenezi, cotero apereka nchito ya kunyumba kwa mwana amene zala zace sizinalimbe, amuyesa mayeso, amupatsa nambala, ndipo pa kutha kwa caka amubveka mkanjo ndi cisoti ca omaliza ku yunivesiti, makolo nalipira za cithunzi. Mwana yemweyo akafunsidwa kuti mwezi uno ndi uti, kapena kuti afotokoze zimene anaona pa njira, angoyang'ana pansi. Makolo sayenera kunyozedwa pa ici, pakuti afunira ana ao zabwino, ndipo m'moyo wao aona kuti Cingerezi ndico citsegula zitseko za maofesi. Cimene Ghana aphunzitsa ndi cakuti kholo silitembenuka ndi kanema kapena ndi cilengezo ca pa wailesi. Litembenuka likakhala pansi ndi mwana wace, monga ku Kingston, ndi kuona ndi maso kuti woumba ng'ombe ya dothi ndi kuwerenga miyendo yace ali kuphunzira masamu.

Pali cinthu cina cimene Zambia safunika kukatola kunja, pakuti ndi maiko ena amene anacitola kuno. Pulofesa Robert Serpell wa pa University of Zambia, amene pambuyo pace anatsogolera yunivesitiyo kuyambira mu 2003 kufikira mu 2006, anafalitsa mu 1979 zotsatira za kuyerekeza ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester ku England. Onse anauzidwa kutsanzira zithunzi zimodzi-modzi. Pojambula ndi pensulo pa pepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Lusaka, ozolowera kupanga magalimoto a mawaya, anawasiya kutali. Poumba, onse analingana. Nzeru inali imodzi, cosiyana cinali cida cimene mwana anakula naco. Pa maziko amenewo panapangidwa mayeso ochedwa Panga Munthu, m'mene mwana aumba munthu m'malo mwa kumujambula. Wogula zoseweretsa za pulasitiki za ku maiko akunja, nathamangitsa waya, dothi ndi zitsekerero za mabotolo pa bwalo la sukulu, ataya cimene mwana wa kuno acidziwa kale.

Serpell yemweyo, pofufuza m'midzi ya Acewa m'boma la Katete m'zaka za m'ma 1970, anafunsa akulu kuti mwana wanzeru ndi wotani. Anapeza kuti kwa iwo nzeru ili ndi mbali ziwiri: kucenjera ndi kutumikira. Mwana wocenjera koma wosatumika, wosamvera, wosakhulupirika, sanali kumuyesa wanzeru. Zimene akatswiri a ku America anazindikira atatsata ana a Perry kwa zaka 40, kuti khalidwe likhalitsa kuposa kuloweza, akulu a ku Katete anazinena pansi pa mtengo. Masanje, ciato, nsolo, nthano za madzulo ndi zirapi ziphunzitsa kuwerengera, kudikira nthawi yako, kukumbukira ndi kuyankha. Silabasi ingazichule pa pepala, koma ngati mphunzitsi anaphunzira ku koleji nyimbo za Cingerezi zokha, zidzatsala pa pepala pomwepo.

Nkhani ya agogo ifikitsa ku New Zealand. Kumeneko Amāori, eni nthaka, anaona kuti ana ao saliyankhulanso cinenero ca makolo ao. Mu 1982 anatsegula pafupi ndi mzinda wa Wellington malo oyamba ochedwa Kōhanga Reo, ndiko kuti cisa ca cinenero, kumene nkhalamba zinali kukhala ndi makanda tsiku lonse ndi kulankhula nao Cimāori cokha. Patapita zaka 12 zisa zotere zinaposa 800. Zinenero za Zambia sizinafike pa ngozi yotere, koma phunziro lilipo. Mwana wa zaka 4 aganiza, afunsa ndi kutsutsa m'cinenero ca amai ace, ndipo akaletsedwa cimeneco angokhala cete. Mudzi uliwonse uli ndi agogo odziwa nthano amene atha tsiku ali okha pakhonde, pamene adzukulu ao ali kuloweza mau osamveka pa mtunda wa mayadi 200. Mphunzitsi wanzeru akadawaitana kawiri pa sabata, ndipo mfumu ya mudzi ikadathandiza kuwasankha.

Maiko oyandikana nao apereka phunziro la mtengo wace wa nchitoyi. M'cigawo ca Gaza ku Mozambique, bungwe la Save the Children linathandiza midzi 30 kumanga tisukulu ta ana ang'ono kuyambira mu 2008. Anthu a m'mudzi anapereka malo ndi mphamvu zao, nasankha owaphunzitsira ana. Poyerekeza ndi midzi ina 46, kunapezeka kuti ana a tisukuluto analowa pulaimale ambiri ndi 24 pa 100, ndipo mtengo wace unali pafupi-fupi madola atatu pa mwana pa mwezi. Kunapezekanso cinthu cimene mlimi aliyense wa ku Petauke angacimvetse msanga: amai anapeza mpata wogwira nchito, ndipo akulu ao a anawo, amene kale anali kutsala kunyumba kulera, anapita ku sukulu ambiri. Kasukulu ka m'mudzi kamasula mtsikana wa zaka 10 amene ali ndi mng'ono wace kumsana.

Ku Malawi sukulu zotere, zimene azicha za mmera mpoyamba, zili m'midzi yambiri, ndipo zaimirira pa anthu odzipereka. Akatswiri a World Bank anayesa njira zozilimbitsira pa sukulu 199. Anapeza kuti kupereka zipangizo ndi kuphunzitsa olera ana kunakonza m'kalasi, koma ana anapindula moonekera kokha kumene makolo naonso anaphunzitsidwa m'magulu, mwa kucita ndi manja. Phindulo linaoneka patapita miyezi 18. Pofika miyezi 36, ana atalowa pulaimale, linali litazilala. Pamenepa pali mau awiri owawa. Oyamba ndi akuti kalasi ya ana ang'ono singaombole mwana amene akagwera mu Giredi 1 ya ana 100 ndi mphunzitsi mmodzi. Ndipo kudzaza kwa makalasi kumene kunatsata maphunziro aulere a mu 2022, ngakhale Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco, ndi nkhani imodzi ndi ino. Aciwiri ndi akuti kudzipereka kuli ndi malire. Mai wolera ana a mudzi wonse popanda malipiro nayenso ali ndi munda. Mvula ikagwa apita kukabzala, ndipo palibe amene angamudzudzule. Kudzidalira kwa mudzi kungaumbe njerwa, kungafolere denga ndi kusonkha cimanga ca phala, koma malipiro a mphunzitsi ndi udindo wa Boma.

Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu zinakwezedwa mu 2022 kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo makomiti a m'mawadi ndiwo apereka maganizo a zocita nazo. Mwacibadwa komiti ikonda cinthu cooneka, cimene mlendo wolemekezeka angadule riboni pa khomo pace. Nyumba ifunika ndithu, ndi cimbudzi ca msinkhu wa mwana, ndi madzi. Koma komiti iyenera kufunsa poyamba kuti nyumbayo ili kuti. Mwana wa zaka 4 sangayende makilomita 5 kupita ku sukulu ya pulaimale, kuoloka dambo m'nyengo ya dzinja. Tisukulu titatu ta njerwa zootcha m'midzi, toyang'aniridwa ndi mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu, tingalandire ana ambiri kuposa kalasi imodzi yokongola ya pa mseu. Iyeneranso kufunsa za mphika, pakuti kumene kuli phala ana abwera, ndipo phala likatha aleka.

Kwa Unduna, nchito yaikulu ili pa munthu woimirira pamaso pa anawo. Mphunzitsi wa ana ang'ono asatengedwe kukatseka mpata mu Giredi 5 pamene mnzace wadwala, monga ngati kalasi yace ndi yosafunika. Ahedi aphunzitsidwe kuti phokoso la ana osewera si cizindikiro ca ulesi wa mphunzitsi. Makoleji atumize ophunzira ao kumidzi kukasonkhanitsa nyimbo, nthano ndi masewera a m'cinenero ca deralo, ndipo ayesedwe pa zimenezo monga ayesedwa pa zina. Olera ana a m'tisukulu ta m'midzi apatsidwe maphunziro, kangacepe ka pa mwezi kosadumpha, ndi njira yokwerera kufikira pa satifiketi. Nthumwi zopita kunja, zikabwerako, zifunsidwe kuti mphunzitsi wa kumeneko anali ndi ana angati, anaphunzira zaka zingati, alandira zingati poyerekeza ndi wa pulaimale, ndipo aonana kangati ndi makolo.

Woyendera sukulu naye asinthe kacitidwe kace. Akafika pa kalasi ya ana ang'ono asayambe ndi kupempha makope ndi mabuku a ndondomeko ya mphunzitsi. Akhale kumbuyo pa mphasa ola limodzi, awerenge kuti ndi ana angati amene alankhula mau ao-ao, ndi angati amene agwira cinthu ndi manja, ndi mphindi zingati zimene atha ali cete pa mzere. Akaturuka afunse wophika ngati phala linaphikidwa masiku onse a sabata yatha, ndipo zimenezo ndizo alembe mu lipoti lopita ku ofesi ya maphunziro ya pa boma.